Bambo Amene Ananena Kuti Dziko Likumira

Chaka chimene ndinakwatiwa ku Nachisaka, madzi tinkatunga kudambo, ndipo pofika Okutobala kunkangotsala matope. Amuna anga anaganiza zokumba chitsime kuseri kwa chigafa cha fodya. Anaitana bambo ena achikulire a m'mudzi woyandikana nafe, odziwa ntchitoyi.

Bambowo anali atakhalitsa kunyanja yamchere ku Mozambiki, kumene ankagwira ntchito m'sitima ya azungu yoboola pansi pa madzi. Anali ndi chizolowezi chimene chinkandisowetsa mtendere. Chidebe chikatuluka m'dzenje, ankatapa dothi, kulinunkhiza, n'kuliika pansi pamzere: katondo, kenako dongo lotuwa, kenako mchenga.

Tsiku lina ndikuwapatsa thobwa, ndinawafunsa chifukwa chake. Panali anthu anayi kapena asanu ongoonerera.

"Kunyanja kuja tinkatulutsa zomwezi, mayi," iwo anatero. "Chitsulo chinkalowa masiku ambirimbiri, koma matope, mchenga, matope, mchenga, osafika pathanthwe. Mzungu wina anandiuza kuti kalekale dziko linang'ambika, mbali ina n'kuchoka, madzi n'kulowa pakati. Chiyambire pamenepo mitsinje ikungotutira dothi kumeneko. Munda wanuwu ukakokoloka, muyesa umathera kuti? Ndiye katunduyo akachuluka, m'mphepete mwa dziko mumatsika pang'onopang'ono. Osagwedezeka, osamveka. Dziko likumira ndithu, ngakhale pano tikumwa thobwamu."

Mmodzi mwa oonerera aja anaseka pang'ono, n'kusiya.

Dzenje litazama kuposa mtengo wa mango, amuna anga anakuwa ali pansi kuti tiwakoke. Anatuluka akunjenjemera, dzuwa lili paliwombo. Anati pansipo pakutuluka mpweya wozizira, ngati munthu akuwapumira kumapazi. Bambo aja anamanga chingwe m'chiuno n'kutsika okha. Chingwe chinakhala chili zii nthawi yaitali. Ndinasuzumira n'kuitana, ndipo mawu awo atabwera, anamveka ngati akuchokera kutsidya kwa phiri, osati pansi panga.

Anatuluka ndi timiyala m'chipewa, tobulungira, tosalala ngati ta mumtsinje. Kwathuko ndi pamtunda, mtsinje kulibe.

"Madzi anadutsapo pano, kusanakhale anthu," anatero. Tsiku limenelo sanadye.

Patapita masiku atatu, kunabwera galimoto ya boma ndi amuna awiri achilendo. Anafunsa bambo okumba chitsime aja khadi la chipani, iwo n'kulitulutsa m'thumba la malaya.

"Ndinu mukuuza anthu kuti dziko likumira?"

"Ndimanena za dothi, bwana. Dothi la kunyanja."

"Mukafotokoza komweko."

Anakwera matope ali m'miyendo. Ine ndinali chiimire ndi lichero m'manja. Amuna anga anangoyang'ana pansi.

Chitsime anamaliza ndi amuna anga okha, akulowa m'mawa atachita chizindikiro cha mtanda. Madzi anatuluka abwino, ozizira, koma chaka chonse anansi athu ankalambalala n'kumapitabe kudambo.

Mvula itayamba, akazi a bambo aja anabwera kudzatenga khasu ndi chingwe. Ndinawayalira mphasa, anakana. Sanafunse kanthu, nanenso sindinafunse. Amuna awo sitinawaonenso, ndipo maliro sanalengezedwe.

Amene anakanena kuboma sindinamudziwe. Onse amene analipo tsiku la thobwa lija tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo ndinapitiriza kuwapatsa moni wa mtendere Lamulungu lililonse kufikira pamene tinasamukira ku Malomo.