Mbewa, anyani ndi maiki imodzi

Ndinachoka ku Linda, komboni ya kwathu ku Zambia, chifukwa ndinatopa kuseketsa anthu ulere. Ukwati ukachitika ankandiitana, ine n'kuseketsa mpaka azimayi kugwira nthiti, kenako wina n'kundifunsa kuti ntchito yeniyeni ndidzayamba liti. Bambo anga okha ndi amene sanandinyozepo. Pondiperekeza ku basi ya ku Joni anangoti, "Yenda. Ukakangiwa ubwele, nyumba ni yako."

Ku Joni masana ndinkatsuka mbale m'lesitilanti, madzulo n'kumazungulira timabala kupempha kuti andipatse mpata pa maiki. Achinyamata amene mumandifunsa za ntchitoyi, mverani. Nthabwala muzilemba, muziziyesa kaye pa anthu ochepa, ndipo nthawi yanu ikatha tsikani asanakutsitseni. Za kusungulumwa palibe adzakuuzeni. Umaseketsa bala yonse m'Chingerezi, kenako n'kukwera minibasi wopanda woti n'kumuuza kuti lero zayenda. Kwathu ndinkatumiza kangachepe, n'kumanama pafoni kuti zonse zili bwino.

Ife ochokera kum'mawa kwa Zambia ndi Abemba ndife a chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo palibe amakwiya. Ndinakulira m'zimenezo. Ndiye tsiku lina bala ina inakonza madzulo a anthu a ku Zambia, ndipo kutsogolo kunakhala bambo wina wa suti, Mbemba. Mtima unangoti myaa, ngati ndaona m'bale. Ndinati, "Ba bosi, kuno bakolwe bali mu mpanda, bali na balonda. Manje mudya chani?" Bakolwe ndiwo anyani m'Chibemba. Bamboyo anaseka, bala yonse inaseka.

Wina anajambula pafoni. Anadula kuseka kwa bamboyo, n'kusiya ine ndekha ndi pakamwa panga, n'kuponya pa intaneti. Kutacha ndinali munthu wodana ndi mitundu ya anzake. Mwini bala anati ndisadzapondenso, ena n'kutengera pomwepo. Mlongo wanga Tamara ananditumizira uthenga: "Ku Maramba maketi bonse baona. Ba mami baleka na kuyenda ku chechi, manyazi."

Chimene chimandiwawa mpaka lero si alendo ayi. Alendo sadziwa chimbuya, asiyeni. Koma pansi pa vidiyoyo panali maina a anthu a ku Linda, anthu amene ndinadya nawo maukwati, akulemba kuti ndimangidwe. Amadziwa bwinobwino chimene ndinkachita. Anangoona kuti kutukwana kwatchuka, nawonso n'kulowa mzere.

Ndinabwerera kwathu chifukwa bambo anga anamwalira. Ndinaima kunja kwa mpanda ndi chikwama changa, osadziwa ngati anthu andilandira kapena andithamangitsa pa maliro a bambo anga omwe. Woyamba kundiona anali Ba Chanda, mayi wa Chibemba amene amagulitsa kapenta pafupi ndi amayi ku msika. Anabwera molunjika, dzanja lili m'chitenje. Ndinati basi, mbama ija yafika. Anandithira ufa kumutu, monga achitira a chimbuya pa maliro, n'kundikokera m'kati.

Kumanda Ba Chanda anakhala pa bokosi n'kukana kuti litsike. Anakuwa kuti, "Aba bamudala bafa na njala! Mbeba zinasila mu Linda, banadya zonse!" Anthu anaseka. Amayi nawonso anaseka misozi ili mbwembwembwe. Ndipo oseka kwambiri anali omwe aja ankafuna ndimangidwe. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Kwathu nthabwala yomweyo ndi mwambo ukainena pa manda, koma ukati udyerepo, ndiwe chigawenga.

Titabwerako ndinawapeza Ba Chanda akutsuka mapoto kuseri kwa nyumba. Sindinapereke ngakhale moni.

"Ba Chanda, imwe mwanyoza ba tate mu bokosi, bonse baseka. Ine ninakamba chabe kolwe, bananipaya. Ni chani?"

Sanasiye kutsuka. "Ine nikakunyoza, iwe uniyankha. Ba tate bako benze kuniyankha zaka zonse, lelo chabe ndiye bakangiwa. Uja muntu wa suti, unamupasako maiki?"

Funso limenelo linandikwiyitsa kuposa vidiyo ija. Anapukuta manja pa chitenje n'kuima patsogolo panga.

"Bamudala bayenda, wasala ni iwe. Wakudya mbeba iwe, niyankhe kaili."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwanene za anyani, ine katswiri wa ku Joni. Chimene chinatuluka ndi kulira.