Paipi yochokera ku Joni

Ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba pamene amuna anga anagwidwa ndi matenda a paipi. Ndikuti matenda chifukwa munthu ankadya maso ali pafoni, ndikawapatsa moni n'kuyankha za injini. Tinali ndi kagalimoto kakang'ono ka injini yamphamvu ija amati tebo, ndiye anzawo a kuloji ya ku Kande, kumene ankagwira ntchito, anawauza kuti ukachotsa bokosi la mpweya lobwera ndi galimoto n'kuikapo paipi ina, injini imapuma mpweya wozizira ndipo imakoka ngati yaikulu. Chinthucho ankachitchula kuti inteki.

Achimwene awo okhala ku Joni anatumiza zithunzi za mitundu iwiri. Ina inali yaifupi, yothera m'boneti momwemo. Inayo inali yaitali, yotsika kuseri kwa bampala mpaka pafupi ndi tayala, sefa yake ili kumapeto. Kuno katundu wa ku Joni amabwera ndi matransipota, ndipo wathuyo ankanyamuka kumapeto kwa sabata. Panalibe zoti tiganize kaye.

Ine za injini sindidziwa, koma dambo lathu ndimalidziwa. Ndinkaphunzitsa pasukulu ina kumtunda kwa Bandawe, ndipo kuchokera kunyumba za aphunzitsi kukafika pamsewu wa tala umadutsa pakhwawa lopanda mlatho. Mvula ya kuno si ya kwathu ku Zomba yomwe imadziwa kutsanzika. Kuno imagwa mpaka Epulo, ndipo mwezi wanga wochira unali womwewo.

"Bambo, sefa ili pansiyi, madzi akafika pamenepo zimatha bwanji?" ndinafunsa.

"Aaa, madzi ake ati? Timadutsa pang'onopang'ono."

"Ndafunsa kuti zimatha bwanji."

Anakanda kumutu. Kenako anavomera kuti injini ikamwa madzi imafa pomwepo. Koma msangamsanga anawonjeza kuti yaifupi ija ndi yachibwana, imangokoka mpweya wotentha wa m'boneti, anzawo akawaseka.

Amayi anga anali atandiitana kale kuti ndikachirire kwathu, monga amachitira mwana wamkazi pa mimba yoyamba. Amene anandichonderera kuti ndikane ndi amuna anga omwewa. Ankati akufuna adzakhale pakhonde la chipatala cha pa Chintheche, adzamunyamule mwana wawo tsiku lomwelo. Ndinawakhumudwitsa amayi chifukwa cha iwo, podalira kagalimoto kameneka.

"Tamverani," ndinatero. "Itanitsani yaifupiyo, kapena musiye galimoto mmene ilili mpaka ndichire. Mukaika yaitaliyo, ine ndikupita ku Zomba. Sindingachirire m'dambo ngati ng'ombe."

Anaseka. Ati amayi apakati sachedwa kupsa mtima. Kuseka kumeneko kunandiwawa kuposa paipiyo.

Panadutsa masiku. Ndikawafunsa kuti asankha iti, ankangoti, "Musadandaule, amayi, zonse zili bwino." Mwamuna akati musadandaule, yambani kudandaula. Katundu atafika, sanabwere naye kunyumba. Anakamangitsa kwa makaniko pa Chintheche, n'kubwera madzulo galimoto ikuchita fyuu! fyuu! akaponda moto, nkhope ili mwee. Ndinatsegula boneti ndekha. Paipi yonyezimira inatsika n'kukabisala pansi, kumene dzanja langa silikanafika.

Sindinakalipe. Ndinalowa m'nyumba, n'kuyamba kupinda zitenje ndi matewera.

Ankayesa nthabwala mpaka m'mawa umene ndinatulutsa chikwama pakhomo. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo inkawazabe. Anandinyamulira chikwamacho, tinakwera, tinanyamuka kuti akanditule pasiteji. Msana unkandiwawa, mwana akugundagunda m'mimba.

Titafika pakhwawa anaimitsa galimoto. Madzi ofiira ankathamanga, atanyamula mapesi ndi zinyalala za m'minda ya chinangwa. Madzi ngati amenewo tinkawadutsa chaka chathacho, ine nditakweza miyendo, tikuseka. Tsiku limeneli anangowayang'ana madziwo, manja ali pachiwongolero.

"Tiyeni," ndinatero. "Paja timadutsa pang'onopang'ono."

Anatsika, anavula nsapato, anapinda buluku n'kulowa m'madzimo. Madziwo anawafika pansi pa mawondo pang'ono. Anatembenuka, anayang'ana bampala, anayang'ananso miyendo yawo. Ndinaona kuti azindikira kuti sefa ija imira, ndipo ndinachita mantha enieni, osati a tsikulo ayi, koma a tsiku lija likanadzandipeza matenda a uchembere atayamba, ndili pampando womwewu.

Anazimitsa injini. Anasenza chikwama pamutu, dzanja lina anandigwira pamkono. Ndinalowa m'madzi ndi mimba yangayo, chitenje nditakwinyira m'mwamba. Kuzizira kwake! Mchenga unkathawa kunsi kwa mapazi. Pakatikati ndinaterereka, ndinakuwa kuti mayo, iwo anandikumbatira mwamphamvu mpaka chikwama chinatsala pang'ono kugwa. Mtima wawo ndinkaumva ukugunda paphewa langa.

Kutsidya tinayenda wapansi mpaka patala, tonse tili chonyowa. Minibasi yolowera ku Nkhotakota itaima, anandigwira dzanja.

"Amayi, ndikachotsa lero lomwe. Bokosi lakale lija lilipo. Chonde musapite."

Ndinawakhulupirira kuti akachotsadi. Ndinkawakondanso, ndipo misozi inali m'maso. Koma ndinali nditapempha ndi pakamwa, mofatsa, nthawi ilipo, ndipo sanandimve mpaka madzi atawauza okha.

"Kachotseni," ndinatero. Ndinakwera.

Mwana anabadwira ku Zomba, wamkazi, kunja kukugwa mvula. Amene anamulandira ndi amayi anga. Bambo ake anamuonera pafoni, ndipo amayi atawafunsa ngati akumuona bwino, kumbali inayo kunangomveka munthu wamkulu akulira.