Kuseri kwa Zinanazi za pa Nkando

Kunyumba ndinali dolo. Ndikaweruka kothyola tiyi, ndinkatseka chitseko n'kuyamba kumunena mtsogoleri wa dziko monong'ona, mkazi wanga Esinati akungomvetsera.

Loweruka lina tinapita kumsika wa Nkando, iye ali woyembekezera. Pachipata anyamata a chipani ankaona makhadi. Ine ndinadutsa. Esinati anaonetsa lake, koma mmodzi analoza mimba ija.

"Nanga la amene ali m'katimu?"

Masiku amenewo ndi mwana wosabadwa yemwe ankafunika khadi, ndipo ife tinalibe.

"Amuna anu ali kuti?"

Amuna akewo anali atanyonyomala kuseri kwa mulu wa zinanazi, akutobwanya chimodzi ngati katswiri. Ndinafunsanso mtengo.

Mayi wina wogulitsa nyemba za kalongonda, amene sitinkawadziwa n'komwe, anadzuka n'kusolola khadi lawo pampango.

"Ndi mdzukulu wanga ameneyo, lake ndi ili. Musiyeni mwana adutse, dzuwa likumuotcha."

Anyamatawo sanavutike n'kuwerenga dzina. Mayiwo anamukhazika Esinati pamthunzi, n'kumupatsa madzi.

Mpaka lero anthu amakangana za mtsogoleri uja, ena akuti anatimanga, ena akuti anatilera. Ine ndimangodziwa kuti m'dziko lakelo munali amuna ngati ine, ndipo mwamwayi munalinso mayi aja. Sindinawathokoze, chifukwa ndikanayenera kutuluka kaye.

Esinati sanauzepo munthu, ndipo pamenepo ndimamuvulira chipewa. Kungoti ndikayamba kukweza mawu pa zandale, amandifunsa mofatsa:

"Bambo ake, chinanazi chija chinali chakupsa?"