Bokosi la a Mawaya Litazima

A Mawaya, amene dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo amachita kulikumbukira, ndiwo anabweretsa intaneti mumsewu wonse uja. Anayamba ndi nyumba yawo, kenako ya telala, kenako ya anamwino awiri a kuseri, mpaka denga lililonse linamera kabokosi koyera. Mauthenga onse ankadutsira m'bokosi lalikulu la pabalaza pawo. Likangotsokomola, msewu wonse unkathamangira pakhomo pawo.

A Mawaya ankadandaula, eti anthu sawalola n'kupuma komwe. Bodza lenileni. Munthu akagogoda nkhope yawo inkawala, ndipo wobwera kudzadandaula za intaneti ankachoka atamwa tiyi ndi kusimba zonse za matenda a apongozi ake.

Nyumba zitachuluka, bokosi lija linayamba kulemedwa. Mphwawo wophunzira zamakompyuta anawatumizira njira yatsopano, yongoyesera, imene iye mwini anakana kuilumbirira. Anati alowetse chingwe chachiwiri cha intaneti kwa telala, ndipo kabokosi kalikonse kasamadikire bokosi lalikulu, koma kaziuza anzake oyandikana nako, iwonso aziuza ena. Kena kakafa, uthenga uzingolambalala. Akazi awo atamva anati imeneyo si sayansi ayi, ndi miseche basi, ndipo akanafunsidwa iwo akanawaphunzitsa kalekale.

A Mawaya anakwera madenga onse, thukuta lili kamukamu, kusintha timabokosi kamodzikamodzi. Ankaopa kuti zikakanika msewu uwanyoza.

Loweruka lina akazi awo anazula pulagi ya bokosi lalikulu kuti asite zovala, n'kuiwala kubwezera. A Mawaya anazindikira dzuwa litapendeka. Anakokera mpando pakhonde kudikira chikhamu cha anthu, mawu opepesa ali okonzeka. Telala anadutsa akuseka ndi foni yake, n'kungokweza dzanja. Anamwino anadutsanso. Palibe anagogoda.

Njira ija inali itagwira ntchito, ndipo zinawapweteka kwambiri. Akazi awo anatuluka n'kuwapeza atagwira tsaya.

"Bambo, kodi si zomwe munkafunazi?"

"Ndinkafuna zigwire ntchito," anatero a Mawaya. "Sindinkadziwa kuti zigwira popanda ine."

Mayiwo ankamudziwa bwino munthu wawo. Anavala nsapato mwakachetechete, n'kupita kwa telala kukamupempha kuti mawa abwere adzadandaule, chilichonse chimene angapeze.