Lucinda ndi Moto wa Masingano

Inu amene mumaopa kuyankhula chinthu chikalakwika, imvani za Lucinda wa kufupi ndi Mualadzi.

Anali mkazi wamasiye, wopanda womugwira mkono. Mwana wake mmodzi yekhayo, Debora, anabayidwa singano ya malungo pa kachipatala kena ka mishoni. Pobayapo panatupa, panadzaza mafinya. Thupi moto, mwendo osapondeka.

"Usabwerereko," anatero anansi. "Munthu wakuthandiza, iwe ukamuneneze? Asipayo, apolisi a boma aja, adzakutenga ukalambule msewu."

M'zaka za m'ma 1950 zinali choncho. Wotupa ankabisala m'nyumba, achibale n'kumathokoza wobaya uja akakumana naye panjira. Iye n'kumayesa kuti onse anachira.

Lucinda ankaopa asipayo, koma manda a mwana ankawaopa koposa. Anabereka Debora, ulendo wa kuchipatala.

A Octávio, amene ankabaya odwala, anayang'anitsitsa chotupacho. Lucinda anayang'ana kukhomo, kudikira kuti aitanidwe asipayo.

"Mayi, alipo enanso otere?"

"Alipo, bambo. Akuopa."

"Nanenso ndikuopa. Akamva adokotala ku Tete, ntchito yanga yatha. Komabe kawatengeni."

Anamutumbula Debora, namumanga bala. Lucinda anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi. Ena anamutsekera zitseko, ena anati wapenga. Iye ankangotsitsa mwana kumbuyo n'kuwaonetsa bala likupola. Pang'onopang'ono otupa anayamba kutuluka, ena ochita kunyamulidwa.

Aliyense a Octávio ankamufunsa kuti anabayidwa nthawi yanji. Yankho linali limodzi: dzuwa litapendeka. Obayidwa m'mawa analibe vuto. Masingano ankawiritsidwa m'mawa, koma nkhuni zikatha, masana ankangotsukuluzidwa m'madzi ozizira.

"Nkhuni basi?" anatero Lucinda. "Zimenezo ndisiyireni."

Kuyambira pamenepo moto sunazimenso mpaka wodwala womaliza atabayidwa. Zotupa zinachepa, asipayo sanabwere. Patapita nthawi a Octávio anamuphunzitsa Lucinda kutsuka ndi kumanga mabala, ndipo amishoni anamulemba ntchito. Aliyense wotuluka pachipatalapo Lucinda ankamuuza, "Pakatupa mubwere. Kuno sitimanga munthu."

Debora anakula, anabereka ana ake, koma mwendo uja sunawongoke. Lucinda anabwera naye kuchipatala mochedwa, chifukwa cha mantha.

Ndiye inu, mwana akapweteka m'manja mwa womuthandiza, musabise. Kaya mukunjenjemera, pitani mukanene. Osataya mtima, komanso osachedwa.