Chitseko cha kuseri kwa chigayo

Sukulu ndinalekera Fomu 3. Zifukwa zake musandifunse. Ntchito anandipezera malume, pa chigayo cha a Namakhwa kufupi ndi Namadzi, mnyamata wakale atathawa osatsanzika.

Ntchito yake inali yosavuta. M'mawa kuona oyilo ndi madzi mu injini ya dizilo, kukunga lamba, kuika sefa ya mgaiwa kapena ya woyera, kenako kupukusa handulo mpaka injini italira. A Namakhwa ankadandaula za dizilo tsiku lililonse. Tsiku lina anandiuza kuti nditsitse liwiro la injini pang'ono. Ndinatsitsa.

Kuseri kwa chigayo kunali kanyumba kokhoma ka mchimwene wawo amene anamwalira. Kuyambira tsiku limene ndinatsitsa liwirolo, ndikangoliza injini, chitseko cha kanyumbako chinkayamba kugogoda chokha, masana dzuwa likuswa mtengo, ngati munthu ali mkati akufuna kutuluka. Amayi obwera kudzagayitsa anachimva. Anayamba kusenza matumba awo kupita kwina, ndipo mbiri inawanda yoti a Namakhwa sanaike m'bale wawo m'manda, anamutsekera m'menemo kuti aziyendetsa chigayo. Ndinaganiza kuti mwina ndi zomwezi zimene zinathawitsa mnyamata wakale uja.

Loweruka lina kunabwera gulu, ena atanyamula zikwanje, wina chigubu cha petulo. Anandilamula kuti ndilize injini. Chitseko chinayamba: gu, gu, gu. A Namakhwa anakhala pansi pafumbi. "Mwanawe," anatero, "ine sindidziwa kanthu."

Pamenepo ndinakumbukira katungwe amene aphunzitsi a sayansi anatimangira pa mtengo wa mango. Ankati ukamukankha kamodzi n'kumusiya, amayenda pa kayendedwe kake mpaka kuima yekha. Ukamamukankha mobwereza, amatsata dzanja lako, ndipo ukagwirizana ndendende ndi kayendedwe kake, amauluka ngakhale ukukankha ndi chala. Ndinazindikira kuti panonso injini inkagwedeza nthaka, nthaka n'kumakankha chitseko cha mahinjesi olobodoka.

Ndinawauza kuti amvetsere. Ndinakweza liwiro, chitseko chinakhala chete. Ndinabweza pa liwiro lotsika lija, chinayambanso. Ndinatsitsa kupitirira pamenepo, chete. Ndinachita katatu, ndikufotokoza za katungwe. Wa petulo uja anaika chigubu pansi, ndipo anthu anayamba kubwerera chafutambuyo, maso ali pa ine.

Mayi wina wachikulire ananena chapansipansi, koma ndinamva: "Ndiye kuti malemuwo amamvera uyu."

Chigayo sichinapse. Koma Lolemba palibe mayi anafuna kulandira ufa wochoka m'manja mwanga, ndipo Lachitatu a Namakhwa anandichotsa ntchito osandiyang'ana kumaso. Chitseko anachikhomerera ndi misomali, injini anaibweza pa liwiro lakale.

Ndinaphunzira kuti chilichonse chili ndi kayendedwe kake, ndipo makina ukawasintha liwiro uzimvetsera zimene zayamba kulira pafupi. Anthunso ali nako kawo. Mantha awo sindinawaimitse tsiku lija, ndinangowakankhira kwa ine. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, ena amakokera ana awo pambali.