Lenzi Imene Sinawaone Ababa

Chaka chimene ndinayamba kujambula, pa Mitundu panalibe wondiwerengera. Ndikafika pa chinkhoswe ndi kamera yanga yakale, anthu ankandifunsa kuti, "Kodi ajambuliwo akubwera m'mbuyo?" ngati ine ndangotumidwa kunyamula chikwama. Mkazi, lenzi ya kamera yakenso yong'aluka, ndani akanamuitana? Amuna awiri amene ankajambula pamsikapo anali ndi malenzi aataliatali, ndipo anthu ankathamangira komweko. Kwathu kuno wojambula amamuyeza ndi kutalika kwa lenzi, za zithunzi amaziona pambuyo.

Nditagulitsa soya wanga ndinapita ku Nathenje, kumene mkulu wina wa situdiyo ankagulitsa zipangizo zake zakale. Ndalama zanga zinkakwana lenzi imodzi basi, yong'aluka ijanso ndinayenera kuisiya konko ngati chowonjezera pa ndalamazo. Mkuluyo anaika ziwiri patebulo. Ina inali yaitali ngati munsi, inayo kanali kanthu kakafupi kokwana m'dzanja.

"Achemwali, tengani kakafupika," anatero. "Kamaona ngakhale m'nyumba mopanda kuwala. Yaitaliyi imafuna dzuwa, komanso muziima patali. Ndi ya ku mpira imeneyi."

Ndinaseka chamumtima. Ndinati bambo ameneyu wandiona kuti ndine mkazi, akufuna andipusitse kuti yabwinoyo aisungire mwamuna mnzake. Ndinatenga yaitaliyo, ndipo pa njinga yamoto pobwerera ndinaikoleka pakhosi dala kuti aliyense aione.

Ndisaname, ulemu ndinaupeza. Omwe aja ankandifunsa za ajambuli anayamba kundipatsa mpando. Maukwati a pabwalo ndinkawajambula bwinobwino nditaima kutali, kuseri kwa anthu ovina. Ndinayamba kuyenda mwamatama.

Mvula itayamba, ababa anadwala. Anali munthu wa fodya, moyo wawo wonse anathera m'zigafa, ndipo chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, cha pa chiphaso cha unzika. Ndikafuna kuwajambula ankakana, amati adikire adzagule jekete labwino. Tsiku lina Lachiwiri anandiitanitsa okha. Ndinawapeza atawakhazika pabedi, atavala jekete la kutchalitchi limene tsopano linkawakhwepa.

"Mayi," anatero pondisereula monga mwa nthawi zonse, "ndijambuleni lero, adzukulu adzandidziwe."

Chipinda chawo chinali chaching'ono. Munali bedi, matumba a chimanga, ndi kazenera kamene anakatseka theka ndi lata. Nditakweza kamera ndinangoona khutu. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, khutu lomwelo ndi mbali ya tsaya. Lenzi inkangolira, kupita kutsogolo, kubwerera, osagwira kanthu. Nditaima pakhomo ndinatchinga kuwala konse. Kuwatulutsa panja sikukanatheka, kunkagwa mvula ndipo iwo ankapuma movutikira.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anali chiimire pambali. Anatulutsa foni yake m'chitenje.

"Alamu, bwanji tingowajambula ndi iyi?"

Mawu amene ndinamuyankha amandiwawa mpaka lero. Ndinati, "Bwezani kafoni kanuko. Ababa anga sangajambulidwe pa foni ine ndilipo." Anaibweza m'chitenje muja.

Ndinadina katatu. Ndinayang'ana kuseri kwa kamera: mdima, ndi chinthu chotuwa pakati, chosadziwika kuti ndi munthu kapena thumba la chimanga.

"Zatheka, mayi?" anafunsa ababa.

"Zatheka, ababa. Mwatuluka bwino kwambiri."

Anamwetulira, n'kupempha kuti awavule jekete chifukwa linkawalemera. Mumtima ndinati Loweruka ndipita ku Nathenje, ndikabwereke kakafupi kaja, ndidzawajambulenso popanda wodziwa. Anamwalira Lachinayi masana.

Pokonza za maliro, ang'ono awo a ababa anandiitanira pambali. "Mwanawe, katsukitse chithunzi chija tiike m'felemu, chitsogole bokosi. Akuluwo anatiuza kuti unawajambula atavala jekete." Ababa anali atauza aliyense wodzawazonda. Ndinaima pamaso pa akuluakulu a banja, lenzi yanga yaitali ili pakhosi, n'kunena kuti chithunzicho palibe.

Anakakulitsa cha pachiphaso chija. Chinatuluka chothimbirira, ababa atatong'ola maso ngati awagwira ndi mbuzi yakuba. Ndicho chinatsogola bokosi mpaka kumanda. Ndinamva amayi ena kumbuyo kwanga akunong'onezana kuti, "Komatu mwana wawo ndi wojambula." Mlamu wanga sanatchule za foni ija tsiku limenelo, ndipo mpaka pano sanazitchulepo. Bola akanandilalatira.

Kwa miyezi ndinakwiyira anthu a pa Mitundu amene amalemekeza lenzi osati ntchito. Ndinakwiyiranso mkulu wa ku Nathenje chifukwa sanandikakamize. Koma amene anaibwezetsa foni ija m'chitenje ndine, osati iwo.

Chaka chotsatira ndinakagula kakafupi kaja. Nditafika kumudzi ndinalowa m'chipinda chomwe chija, kunja kuli mitambo ngati tsiku lija, n'kuima pamene ndinaima poyamba. Ndinadina kamodzi kokha. Zonse zinatuluka: bedi, kazenera, ndi jekete lili pamsomali, mpaka ulusi wakuda umene amayi anga anasokera batani lachiwiri.